Dzina pa Kaundula: Zimene Muloza Akuphunzitsa pa Nkhani ya Thandizo

Munthu akakwera minibasi ku Limbe n'kudzera msewu wa Midima, amadutsa pa Chitakale ndi pa boma la Mulanje, ndipo minda ya tiyi imamuperekeza mpaka akafike pa Muloza. Msewu wa Malawi wathera pamenepo. Kutsidya kwa mtsinje kuli tawuni ya Milange, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Malire alipo ndithu, ndi maofesi ake ndi zidindo zake, koma anthu a tsidya lino ndi a tsidya ilo ndi amodzi. Amayankhula Chilomwe ndi Chimang'anja, amakwatirana, amaikana maliro, ndipo chimanga chambiri chimene chimadyedwa ku Mulanje chimaolokera pomwepo pa njinga zakapalasa.

Dera limeneli lalandirapo mavuto aakulu kawiri m'nthawi ya anthu amene adakali moyo lero: koyamba nkhondo, kachiwiri madzi. Masiku ano kukukambidwa zambiri za luso lamakono pa ntchito yothandiza anthu amene ali pa mavuto, makamaka m'maiko a nkhondo: ndalama zotumiza pa foni, makina owerenga zidindo za zala, tindege topanda woyendetsa. Wofuna kumvetsa bwino zimene zipangizo zimenezi zingathe ndi zimene sizingathe sayenera kupita kutali. Ayambe ndi Muloza, ndipo ayambe ndi funso limene thandizo lililonse limayambira: kodi dzina la yani lalembedwa pa kaundula?

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, inayamba mu 1977. Mu 1986 inakula kwambiri m'zigawo za Zambezia ndi Tete. Milange anagwa m'manja mwa Renamo, ndipo anthu anakhamukira ku Malawi atasenza ana ndi timitolo. Pofika mu 1992 dziko lino linali kusunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, chikhalirecho kalembera wa 1987 anapeza kuti Amalawi onse sanakwane 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. M'boma la Mulanje munali misasa monga wa Muloza ndi wa Chiringa, pakuti nthawi imeneyo Phalombe anali asanakhale boma lapalokha. Koma ambiri sanalowe mu msasa konse. Anafikira kwa malume awo, kwa achemwali awo, kwa apongozi, n'kupatsidwa kachigawo ka munda ndi malo oyala mphasa.

Chakudya chinkabwera kudzera ku bungwe la WFP, bungwe la UNHCR linkayang'anira za othawa kwawo, ndipo a Red Cross ya Malawi ndiwo ankagawa. Zipangizo zawo zinali cholembera, kope, khadi la pepala, sikelo ndi lole. Wokhala ndi khadi ankalandira ufa, nyemba, mafuta ophikira, mchere ndi mtedza. Wopanda khadi ankabwerera chimanjamanja.

Vuto linali poyera. Mayi wochokera ku Milange wokhala kwa mng'ono wake kwa Njema, woyankhula chinenero chomwecho, wovala chitenje chonga chomwecho, wolemba maina akanamusiyanitsa bwanji ndi mwini nyumba? Ena analembetsa kawiri. Eni mudzi ena, amene anali atagawana kale nkhokwe yawo ndi alendo, analembetsa nawo, makamaka m'chilala cha 1992. Kuwaweruza anthu amenewa n'kosavuta kwa munthu wokhuta. Koma panalinso ena amene sanalembedwe n'komwe: nkhalamba yolephera kuima pa mzere tsiku lonse, mwana wofika yekha wosadziwa dzina la mudzi wakwawo, munthu amene khadi lake linanyowa ndi mvula kapena kudyedwa ndi chiswe.

Chimene chinachitika mu 1990 chimaonetsa kufunika kwa kulemba ndi kuwerenga bwino. Chaka chimenecho mtedza unasowa pa chakudya chogawidwa kwa miyezi ingapo. Anthu anatsala ndi nsima ndi tinyemba tochepa. Posakhalitsa m'zipatala za m'misasa munayamba kufika anthu a khungu lothetheka m'khosi ndi m'manja ngati lapsa ndi moto, otsegula m'mimba, ena osokonezeka mutu. Awa anali matenda a pelagra, amene amabwera thupi likasowa vitamini B3, ndipo chimanga pachokha sichipereka vitamini ameneyu mokwanira. Pakati pa Febuluwale ndi Okutobala 1990 achipatala anawerenga odwala oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique. Chinathandiza si makina odabwitsa ayi. Anali anamwino ndi othandizira awo amene ankalemba wodwala aliyense m'kope n'kutumiza ziwerengerozo, mpaka zinaoneka kuti matenda akukwera pamene mtedza wasowa. Anagawa mapiritsi a mavitamini, anabwezeretsa mtedza, ndipo pambuyo pake anayamba kuthira mavitamini mu ufa ukamagayidwa. Luso la nthawi imeneyo linali lotero: kope, chigayo ndi munthu watcheru.

Panalinso njala ina yosakhala ya m'mimba, njala yofuna kudziwa ngati wachibale ali moyo. A Red Cross ankanyamula timakalata ta pepala limodzi, tosamata, tolembedwa nkhani za pabanja zokhazokha kuti asilikali a mbali iliyonse akawerenga asapezemo chifukwa chotiletsera. Mabungwe monga Save the Children ankajambula ana osochera n'kumata zithunzi zawo m'misasa ndi m'midzi kuti mwina wina angawazindikire. Yankho linkatenga miyezi.

Nkhondo inatha ndi pangano limene linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Amkhalapakati anali a gulu la Sant'Egidio, pamodzi ndi Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira. Mmodzi mwa iwo anali Bambo Matteo Zuppi, amene lero ndi kadinala. Pofika mu 1995 ambiri mwa alendo aja anali atabwerera kwawo.

Zala m'malo mwa khadi

Vuto la khadi lotayika ndi la kulembetsa kawiri ndilo linabala makina amene akugwiritsidwa ntchito lero m'misasa ya padziko lonse, ndipo ambiri sadziwa kuti Malawi ali m'mbiri yake. Kumapeto kwa 2013 bungwe la UNHCR linayesera njira yake yatsopano yolembera othawa kwawo pa msasa wa Dzaleka ku Dowa. Anthu pafupifupi 17,000 anatengedwa zidindo za zala, chithunzi cha nkhope ndi cha diso, zonse n'kusungidwa mu kompyuta. Zitayenda bwino, njirayo inafalikira kumaiko ena. Pofika mu 2017, pa msasa wa Azraq ku Jordan, othawa nkhondo ya ku Syria ankalowa m'sitolo, kutenga chakudya, n'kulipira poyang'ana m'kamera: diso lenilenilo ndilo linali khadi lawo.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Chala sichinyowa ndi mvula, sichigulitsidwa pa msika, ndipo munthu sangalembetse nacho kawiri. Wogawa wosakhulupirika zimamuvuta kuwonjezera maina a anthu oti kulibe. Koma makina amangodziwa munthu amene waikidwa patsogolo pake. Nkhalamba ija yolephera kufika pa mzere, makina sakaifuna kunyumba. Ndiponso zala za anthu ogwira ntchito yamanja zimafufutika mizere yake. Mayi amene wathyola tiyi zaka makumi atatu, kapena bambo woumba njerwa, atha kuika chala kasanu makina n'kumakana. Pamenepo pamafunika munthu wokhala ndi mphamvu yonena kuti awa tikuwadziwa, alandire. Ngati munthu wotero palibe, ndiye kuti makina alowa m'malo mwa chifundo, ndipo amene wavulala ndi yemweyo amene ankavulala m'nthawi ya khadi la pepala.

Madzi a mu Malichi 2023

Namondwe wa Freddy anafika m'chigawo chakummwera kumapeto a sabata ya Lamulungu lachitatu la Lenti, pa 12 Malichi 2023. Anthu a mumzinda wa Blantyre sangaiwale za ku Chilobwe, pamene matope ndi miyala zinatsika kuchokera m'phiri la Soche. Ku Mulanje ndi ku Phalombe mapiri anagumuka malo ambiri, ndipo akuluakulu anakumbukira Napolo wa mu 1991. Pa 13 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawochi chili pa ngozi yadzidzidzi. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 600,000 anasowa pokhala, ndipo masukulu ndi matchalitchi anasanduka misasa. Zonsezi zinagwa dziko lili kale pa mliri wa kolera. Dera la Muloza ndi la Nkhulambe anali ena mwa madera amene anadulidwa kotheratu: milatho itakokoloka, misewu itang'ambika.

Freddy si nkhondo, koma anachita zimene nkhondo imachita. Anadula msewu, anazimitsa magetsi, anamwaza mabanja, ndipo anasiya anthu opanda chiphaso chilichonse m'manja. N'chifukwa chake masiku amenewo ndi sukulu yabwino kwa wofuna kudziwa mphamvu ndi malire a luso lamakono.

Chenjezo linalipo. A nthambi yoona zanyengo anali kulengeza masiku angapo namondwe asanafike, pa wailesi ndi pa WhatsApp, chifukwa zithunzi za setilaiti zinkaonetsa njira yake kuchokera kunyanja ya Indian.  Koma chenjezo loti samukani limamveka mosiyana kwa munthu amene ali ndi kopita ndi kwa munthu amene alibe.

Madzi atasefukira, malo opangira magetsi pa mtsinje wa Shire anaima chifukwa cha zinyalala ndi matope. Foni zinatha moto, ndipo m'madera ena netiweki inazima. Anthu a m'tauni amene ali ndi makolo ku Mulanje anakhala masiku akuimba nambala yosapezeka. M'masiku oyambirira amenewo chimene chinafika kwa anthu odulidwa chinali mahelikopita, ena obwerekedwa kuchokera ku Tanzania ndi ku Zambia, mabwato, ndi miyendo ya anyamata osenza matumba pamutu kuoloka mitsinje.

Nanga tindege topanda woyendetsa tija? Pa nkhani imeneyi Malawi ali patsogolo pa maiko ambiri. Mu Juni 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera madroni ku Kasungu, ndipo mu Januwale 2020 anatsegula ku Lilongwe sukulu yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindegeti, mogwirizana ndi yunivesite ya MUST ya ku Thyolo. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa madroni ananyamulapo mankhwala, katemera ndi magazi okayezetsa pakati pa zipatala. Pa nthawi ya madzi osefukira amajambula kuchokera m'mwamba n'kuonetsa pamene mlatho waduka ndi pamene anthu asonkhana. Ntchito imeneyi ndi yaikulu. Koma droni imanyamula makilogalamu owerengeka chabe. Ingabweretse mankhwala a wodwala shuga, singabweretse thumba la ufa la makilogalamu 50. Ndipo kumene kuli nkhondo yeniyeni, monga ku Sudan kapena ku Ukraine, kulira kwa droni m'mwamba kumatanthauza bomba; ana akakumva amathawa.

Ndalama za pa foni

Pa zipangizo zonse, chimene chasintha kwambiri ntchito ya thandizo ndi chimene chili m'thumba mwa pafupifupi aliyense wokhala m'tauni: foni yokhala ndi Airtel Money kapena Mpamba. Mabungwe ambiri tsopano amakonda kupereka ndalama m'malo mwa katundu, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Lole ya chimanga imafuna mafuta, mosungira, alonda ndi osenza, ndipo paliponse pamene thumba ladutsa pali mpata woti libooledwe. Ndalama ya pa foni imachoka ku Lilongwe n'kufika kwa Mabuka m'kamphindi, ndipo imasiya umboni wa amene walandira. Imapatsanso ulemu. Mayi amadziwa yekha ngati chofunika lero ndi ufa, lata, mankhwala kapena yunifolomu ya mwana. Ndipo ndalamayo akaigwiritsa ntchito pa msika wa kwawo, wogulitsa tomato naye amadzuka.

Komabe kuti ndalamayo isanduke nsima pafunika zinthu zingapo zichitikire pamodzi. Pakhale foni, ndipo ikhale ndi moto. Pakhale netiweki. Simukhadi ikhale yolembetsedwa, ndipo kuyambira mu 2018 kulembetsa simukhadi kumafuna chiphaso. Pakhale ejenti pafupi, ndipo ejentiyo akhale ndi ndalama zenizeni m'kabati. Anthu mazana atatu akalandira uthenga tsiku limodzi, ejenti wa pa kamsika kakang'ono zimamuthera dzuwa lisanafike pamutu. Pomaliza, pa msika pakhale chogula. Msewu ukaduka chimanga sichifika, chochepa chimene chilipo chimakwera mtengo, ndipo mawu a akulu aja amapherezera, akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Banja limene linalonjezedwa ndalama yakutiyakuti mu Okutobala linapeza kuti pofika Khirisimasi ndalama yomweyo ikugula ufa wochepa. Thumba la chimanga silitsitsidwa mphamvu chotero.

Ndiye pali nkhani ya mwini foni. M'midzi yambiri foni ya pabanja imakhala ndi bambo kapena mnyamata wamkulu. Gogo wosadziwa kuwerenga amapereka foni ndi nambala yake yachinsinsi kwa mdzukulu kapena kwa ejenti, ndipo sadziwa kuti zinabwera zingati. Akathyali nawo sagona. Amaimba ngati a bungwe, akuti dzina lanu latuluka, tumizani kangachepe kuti tikutsegulireni. Bungwe loona silipempha ndalama kwa munthu kuti limupatse thandizo, ndipo silifunsa nambala yachinsinsi. Zimenezi n'zofunika kuzinena mobwerezabwereza kwa makolo akumudzi.

Pamene kaundula asanduka msampha

Apa ndi pamene madzi ndi nkhondo zimasiyana. Madzi safuna kudziwa dzina la munthu. Msilikali amafuna. Kope la ku Muloza mu 1987 likanabedwa, wakuba akanapeza maina a mudzi umodzi. Kompyuta ya lero imasunga maina, nkhope, zala, mudzi wochokera ndi achibale a anthu mamiliyoni, ndipo munthu atha kuiboola ali kutsidya kwa nyanja. Mu Januwale 2022 komiti ya Red Cross ya padziko lonse inalengeza kuti akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta osunga mbiri za anthu oposa 515,000, ambiri a iwo osiyana ndi mabanja awo chifukwa cha nkhondo. Ntchito imene inaboledwayo ndi yomwe ija ya timakalata tosamata, itasamukira mu kompyuta. Mu Ogasiti 2021 a Taliban atalanda dziko la Afghanistan, anapeza makina owerenga zala ndi maso amene asilikali a America anasiya. Munthu angasinthe dzina, angamete ndevu, koma diso sangalisinthe.

Ku Yemen mu Juni 2019 bungwe la WFP linaimitsa kwa kanthawi gawo la thandizo lake mumzinda wa Sanaa, chifukwa olamulira kumeneko ankakana kuti anthu alembedwe ndi makina a zala, pamene bungweli linkati chakudya chikupatutsidwa. Akuluakulu ankakangana za kaundula, anjala akudikira. Walira mvula walira matope: makina amene amatseka mpata wa wakuba ndi omwewo amene amapereka mphamvu yoopsa kwa amene wawagwira. Ndipo munthu wanjala akauzidwa kuti aike chala kuti alandire ufa, sitinganene moona kuti wavomera mwaufulu. Malawi anakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu mu 2024, koma mayi wa pa mzere wa chakudya kawirikawiri sauzidwa kuti chala chake chikasungidwa kuti, kwa zaka zingati, ndipo adzachiona ndani.

Zimenezi si nkhani za kutali. Chisankho cha ku Mozambique cha pa 9 Okutobala 2024 chitabweretsa zipolowe, intaneti ya pa foni inkazimitsidwa m'dzikomo nthawi ndi nthawi. Kumapeto kwa Disembala anthu pafupifupi 13,000 anaolokera ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ambiri ochokera ku Zambezia komweko. Munthu wotero amafika ndi simukhadi ya Movitel kapena Vodacom, alibe chiphaso cha unzika wa Malawi, ndipo mwina ali ndi chifukwa chomveka choopera kuti dzina lake lidziwike kwawo. Usiku woyamba sanalandiridwe ndi makina. Analandiridwa ndi mafumu, ndi mabanja a m'mbali mwa mtsinje, ndi masukulu, monga zinalili pa Muloza mu 1986.

Mbali ya wokhala m'tauni

Anthu a m'tauni ali kale m'kati mwa nkhani imeneyi, ngakhale sagwira ntchito ku bungwe lililonse. Pa nthawi ya Freddy magulu a WhatsApp a anthu ochokera ku Mulanje ndi ku Phalombe anasonkha ndalama, anafufuza osowa, anauzana misewu imene ikudutsika. Zambiri zinafika msanga kuposa thandizo la mabungwe. Koma m'magulu momwemo munayendanso zithunzi za mitembo, ndipo ena anamva za imfa ya mbale wawo poona chithunzi chake pa foni. Munayenda manambala a anthu osadziwika opempha chopereka. Munayenda mindandanda ya maina a olandira thandizo, ndi midzi yawo ndi manambala awo, imene inagwera m'manja mwa akathyali aja. Chala chisanadine kutumiza, pafunika kufunsa ngati mwini nkhopeyo kapena mwini dzinalo akanalola.

Wotumiza ndalama kwa kholo lakumudzi angachite bwino kuimba foni n'kutchula yekha kuchuluka kwake kwa mwini wake, osati kwa wogwirizira foni yekha, ndi kuwonjezera ya chodulira kuti gogo asabwerere ndi yoperewera. Kasola kakang'ono kotchajira foni ndi kawailesi ka mabatire ndi mphatso zimene phindu lake limaoneka tsiku limene magetsi azima. Ndipo gulu lililonse losonkha thandizo, kaya la ku ntchito, la anthu a kumudzi kumodzi kapena la mphakati, lisanafunse kuti titumiza pa nambala iti, liyambe lafunsa kuti maina walemba ndani, ndipo anafika nyumba ziti.

Pa funso lomalizali miphakati ya kumidzi ili ndi chuma chimene mabungwe aakulu amachisowa. Mlembi wa mphakati ali ndi kope la maina, ndipo amayi oyendera odwala amadziwa nyumba ya gogo wosayenda, ya mnyamata wakhunyu amene amabisidwa, ya mlendo wochokera kutsidya amene akuopa kupita kwa amfumu. Anthu amenewa ndi amene sapezeka pa mzere tsiku la kalembera. Mvula ya chaka chino isanayambe, makope amenewo ndi ofunika kuwaunikanso, kuwonjezeramo amene alibe foni ndi amene alibe chiphaso, kenaka kuwakulunga m'pepala la pulasitiki n'kuwaika pamalo okwera.